Chingerezi Changa Chinadzera kwa Amwenye

Aliyense amene anaphunzira pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi akuidziwa njira imene ambiri a ife tinaphunzirira mawu a Chingerezi. Mphunzitsi amalemba mawu khumi pa bolodi, matanthauzo ake n'kuwaika kumanja, ndipo ana amawayimba mokweza mpaka belu litalira. Lachisanu kumakhala mayeso. Pofika Lolemba, mwa mawu khumi aja m'mutu mumakhala mutatsala awiri kapena atatu, ndipo kawirikawiri amakhala omwe munkawadziwa kale. Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Munthu amene wapatsidwa ana oposa 100 pansi pa mtengo, kutentha kwa ku Bangula kuli pachimake, choko chimodzi n'kumachidula pawiri, alibe njira ina yapafupi. Chimene ndikufuna kunena n'chakuti mawu ambiri a Chingerezi amene ndili nawo lero sanachokere pa bolodi. Anachokera m'nkhani zakale za Ahindu, za Rama ndi Sita, ndiponso za ana asanu a Pandu, anthu a dziko limene sindinalipondepo.

Kwa mwana wa ku Chigwa cha Shire, Chingerezi si chilankhulo chachiwiri monga momwe mabuku athu a kuno ku Zomba amanenera. Kwathu bambo amalankhula Chisena, mayi ndi agogo Chimang'anja, ndipo Chichewa cha m'mabuku, chimene chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, tinakachipeza ku sukulu. Chingerezi chinadza pamwamba pa zonsezi, ngati mtolo wa nkhuni pamutu pa mayi amene wabereka kale mwana kumbuyo. Komabe ndicho chimene chimasunga makiyi. Ungakhoze masamu, bayoloje ndi zaulimi, koma ukalephera Chingerezi pa mayeso a MSCE, satifiketi sulandira. Ndili ndi anzanga amene ankandiposa nzeru kutalitali, amene lero akupalasa kabaza kapena kudula nzimbe ku Nchalo chifukwa cha phunziro limodzi lomweli.

Mabuku aja anafika pakhomo pathu mu 2013, ndili mu Sitandade 5. Atsibweni anga, amene ankagwira ntchito yophika pa banja lina la Amwenye achihindu ku Limbe, anabwera kudzadya nafe Khrisimasi atanyamula katoni. Ana a panyumba imene ankagwirapo ntchito anali atakula n'kupita kunja, ndiye mayi wa panyumbapo pochotsa zakale anawapatsa zovala ndi mabuku. Zovala zinatha kugawidwa tsiku lomwelo. Mabuku panalibe wowalimbirana, moti masamba ena anayamba kale kupichiridwa fodya ndisanaikokere katoniyo kuchipinda. Munali timabuku ta zithunzi pafupifupi 30 totchedwa Amar Chitra Katha, ndi mabuku awiri okhuthala opanda zikuto, Ramayana ndi Mahabharata, olembedwa m'Chingerezi ndi C. Rajagopalachari.

Amwenye si alendo m'chigwa chathu. Harry Johnston anabweretsa asilikali achisikhi ochokera ku India mu 1891, ndipo amalonda anatsatira, kudzera ku Chinde n'kukwera ndi Zambezi ndi Shire, natsegula masitolo ku Chiromo ndi ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Njanji yolumikiza Port Herald ndi Blantyre itatsegulidwa mu 1908, malondawo anakula. Agogo anga amakumbukira kugula nsalu, mchere ndi palafini m'masitolo amenewa, mpaka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu Banda linalamula Amwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukachita malonda m'mizinda. Zaka zonsezo, chimene chinkadutsa pa kauntala chinali nsalu ndi ndalama basi. Nthano sizinadutsepo. Ambiri mwa amalondawo anali Asilamu, Ahindu anali ochepa, komanso wogula ndi wogulitsa sankakhala pa mphasa imodzi madzulo. Choncho nkhani za Rama zinafika kwathu mochedwa ndi zaka zoposa 100, m'katoni ya zinthu zotayidwa, zitavala Chingerezi.

Mawu oyamba amene ndikukumbukira bwino ndi "boon". Dikishonale pakhomo panalibe, ndipo sindinaifune. Nkhani yake inali yoti Kaikeyi, mkazi wa mfumu Dasharatha, anapulumutsa mwamuna wake pa nkhondo, ndipo mfumuyo inamuuza kuti apemphe ma "boon" awiri. Iye anati awasunga. Patapita zaka, mfumu itakonza zolonga Rama ufumu, wantchito wake Manthara anamuthira mawu m'khutu, ndipo Kaikeyi anakatenga zimene anasungitsa: choyamba, mwana wake Bharata ndiye akhale mfumu, chachiwiri, Rama apite kunkhalango zaka 14. Pa chithunzi mfumu inali itagwa pansi, itagwira pachifuwa. Mwana aliyense angaone kuti mawu amenewa si mphatso wamba ngati sopo kapena shuga, koma lonjezo la munthu wamkulu limene silibwezedwa ngakhale litasanduka mpeni. Kuyambira tsiku limenelo mawuwa sanachokenso m'mutu mwanga, chifukwa anali ndi nkhope, anali ndi mwini wake, ndipo anapha munthu.

Ena anatsatira chimodzimodzi: "vow", "curse", "sage", "hermit", "disguise", "abduct", "vanquish". Koma kuwerenga kokha sikukanawakhazika. Chimene chinawakhazika ndi agogo anga aakazi. Iwo sadziwa kuwerenga, koma ataona kuti ndikumakhala chete masana onse, anafuna kudziwa chimene chili m'mapepalamo. Madzulo tikatha kudya, ndinkawafotokozera m'Chimang'anja zimene ndawerenga m'Chingerezi, ang'ono anga ali pomwepo kuvomera ngati pa nthano.

"Agogo, mfumu ija inali ndi akazi atatu," ndinayamba choncho tsiku loyamba.

"Basi, mdzukulu wanga, ndadziwa kale kumene moto uyambire," anatero.

Kwa iwo nkhaniyi sinali ya ku India. Inali nkhani ya mitala ndi ufumu, imene anaionapo ndi maso awo kangapo. Ndipo anali omvera ovuta. Ndikagwiritsa ntchito mawu osayenera ankandiimitsa. Tsiku lina tinalimbana ndi mawu akuti "exile". Ine ndinati Rama anathamangitsidwa. Agogo anakana. Wothamangitsidwa m'mudzi, anatero, ndi mfiti kapena mbava, ndipo anthu amamukuwiza. Uyu anthu akumulirira, ndipo akupita yekha pofuna kusunga mawu a bambo ake. Ndinati ndiye wasamuka. Anakananso, chifukwa wosamuka amanyamula mbuzi zake ndipo sayembekezera kubwerera. Bambo, amene kawirikawiri sankalowerera nkhani zathu, ndiwo anatithandiza. Iwo anawoloka kuchokera ku Mutarara ali mnyamata mu 1986, pamene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Nsanje, ndipo mtendere utabwera mu 1992 sanabwerere chifukwa anali atazika kale mizu kuno. Anafunsa kuti Rama anapatsidwa zaka zingati. Nditawauza, anati, "Ameneyo anali ndi mwayi. Ife palibe anatiuza nambala." Usiku umenewo ndinadziwa kusiyana kwa "exile" ndi "refugee" mwa njira imene palibe mndandanda wa pa bolodi ukanandiphunzitsa.

Nthawi zina Chingerezi ndicho chinkaperewera. Mahabharata ndi nkhani ya nkhondo ya masiku 18 pa Kurukshetra, pakati pa ana asanu a Pandu ndi ana 100 a Dhritarashtra. Bukulo linkawatchula kuti "cousins". Nditafotokoza kuti Pandu ndi Dhritarashtra anali munthu ndi mkulu wake, agogo anadabwa kuti ndikuchedwa ndi chiyani. Ana a amuna apachibale si asuweni, ndi abale enieni. Msuweni umaseka naye, nthawi zina umamukwatira. Mbale wako ndi magazi ako. Ndiye pamene Arjuna anaponya uta pansi nkhondo isanayambe, kukana kulasa anthu a mbali inayo, ife pa mphasa paja tinamumvetsa msanga kuposa momwe mawu a Chingerezi aja akanatilolera.

Koma usiku umene sindidzauiwala ndi wa Bhishma. Munthuyu analumbira ali mnyamata kuti sadzakwatira kapena kukhala mfumu, n'cholinga choti bambo ake akwatire mkazi amene ankamufuna, ndipo anapatsidwa mphamvu yosankha yekha nthawi ya imfa yake. Pa nkhondo ija anali mtsogoleri wa asilikali a ana a Dhritarashtra, ndipo kwa masiku 9 palibe anamutha. Apa ndi pamene ndinapeza mawu akuti "invincible". Usiku ana a Pandu anapita okha kumsasa kwake, kwa munthu amene anawalera ngati agogo awo, kukamufunsa momwe angamugonjetsere. Iye anawauza: sadzakweza uta pamaso pa Shikhandi, amene anabadwa ali mkazi, choncho amuike kutsogolo, Arjuna alase ali kumbuyo kwake. Tsiku la 10 Bhishma anagwa, mivi itamuchuluka m'thupi moti anagona pa miviyo osakhudza pansi.

Nditamaliza, agogo anakhala chete kanthawi. Kenaka anati, "Ameneyo ndi M'bona."

Anatifotokozera monga anamvera kwa makolo awo: momwe M'bona, wovina mvula, anathawira adani ake kulowera kummwera, momwe anamupezera n'kuyesa kumupha ndi mikondo ndi mipeni koma zitsulo n'kumapindika, ndi momwe iye mwini, atatopa, anawauzira kuti chitsulo sichingamuphe koma kanthu kofewa ka kudambo, tsamba la bango. Mutu wake unakaikidwa ku Khulubvi, nkhalango imene ili m'boma lathu lomweli la Nsanje, kumene kuli kachisi wake. Ndinali nditamvapo dzina la M'bona, koma nkhani yonse ndinaimva tsiku limenelo, ndipo amene anaitsegula ndi nkhalamba ya ku India yogona pa mivi. Ndinafunsa agogo kuti "invincible" tinganene bwanji. Anati wokhwima. Ndinati kukhwima kumamveka ngati mankhwala. Anati ndiye tinene kuti munthu amene imfa imachita kumupempha. Mpaka lero ndikaona mawuwa m'nyuzipepala, ngakhale akunena za timu ya mpira, ndimaona anthu awiri aja, aliyense akuwauza omupha njira yake.

Sikuti aliyense anakondwera nawo mabukuwa. Mkulu wina wa mpingo wathu atabwera kudzacheza anaona chithunzi cha Ravana wa mitu 10 ndi cha Ganesha wa mutu wa njovu, ndipo anauza mayi kuti zinthu zimenezi ndi mafano, ziotchedwe. Mayi anagwada, anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka analowa m'nyumba n'kutulutsa lipoti langa la teremu imeneyo. "Abambo," anatero, "mwanayu sakupembedza, akuwerenga." Chigamulo chinali choti Lamulungu katoniyo isamatsegulidwe. Ndinamvera, ngakhale mumtima ndinkadabwa kuti Karna, amene mayi ake anamuika m'dengu n'kumusiya pa mtsinje ali khanda, akusiyana pati ndi Mose amene tinkamuphunzira ku Sande sukulu.

Chimene chinandivuta ine n'china, ndipo mkulu uja sanachione. M'timabuku ta zithunzi tija, milungu ndi mafumu abwino ankajambulidwa oyera khungu kapena obiriwira ngati thambo, pamene ziwanda zambiri zinali zakuda, za milomo yaikulu. Mwana wa ku Bangula safunika kuuzidwa kuti pa tsamba limenelo iye akufanana ndi ndani. Inalipo nkhani ya Ekalavya, mnyamata wa fuko la m'nkhalango amene mphunzitsi Drona anakana kumuphunzitsa uta. Iye anaumba chifaniziro cha Drona ndi dothi, nadziphunzitsa yekha pamaso pake mpaka kuposa Arjuna. Drona atamva, anapempha malipiro a uphunzitsi: chala chachikulu cha dzanja lamanja. Bukulo linkayamikira kumvera kwa mnyamatayo. Agogo analavula malovu pansi. Ine ndinatolapo mawu akuti "outcast" ndi "devotion", koma ndinatolaponso kukayikira mabuku, kumene kwandithandiza kuno ku koleji kuposa mawu awiri aja.

Katoni ija inatha mu Januwale 2015. Mvula itagwa masiku otsatizana, Shire ndi Ruo anasefukira, ndipo boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, Nsanje ndi Chikwawa ali patsogolo. Madzi anatipeza usiku. Munthu amanyamula mwana, bulangete ndi poto, sanyamula mabuku. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditawerenga za Manu, amene anapulumutsa kansomba kakang'ono, n'kumakasamutsira m'chotengera chokulirapo pamene kakukula, mpaka nsombayo inamuchenjeza za madzi amene adzamiza dziko n'kukoka chombo chake kukafika pa phiri. Mawu ake anali "deluge". Titakhala pa msasa wa anthu othawa madzi ku Bangula, ndikuyang'ana kumene kunali minda ya mapira kutasanduka nyanja, mawu amenewa ndiwo ankabwera m'mutu, pamodzi ndi chigumula cha Nowa.

Pa msasa pomwepo ndinaonanso malire a Chingerezi changa. Mafomu a mabungwe othandiza anali ndi mawu ena: "displaced", "beneficiary", "household", "relief items". Rama sanalembetsepo dzina kuti alandire ufa ndi lona. Ndinkadziwa dzina la Chingerezi la galeta la nkhondo ndi la phodo la mivi, koma la chiphaso cholandirira chakudya ndinachita kufunsa. Chingerezi cha m'nkhani zija n'cha m'mabwalo a mafumu ndi m'nkhalango za anthu opemphera. Ku chipatala, ku banki ndi ku ofesi ya boma chimafika chitavala mkanjo wautali. Komabe ndinaona kuti mawu atsopanowo sankandiopsa. Munthu amene wawoloka kale masamba mazanamazana popanda dikishonale amakhala atazolowera kuyang'ana mawu oyandikana nawo n'kulota tanthauzo, ndipo luso limeneli ndi limene linandinyamula pa mayeso a MSCE mabuku aja atapita kale ndi madzi.

Kuno ku koleji ndi kumene ndinadziwa kuti anthu amene anandiphunzitsa anali ndani. Anant Pai anayambitsa Amar Chitra Katha ku Bombay mu 1967, ndipo zimanenedwa kuti chinamukhudza ndi mpikisano wa mafunso pa wailesi ya kanema, pamene ana a ku India ankayankha bwino za milungu ya Agiriki koma n'kulephera kutchula dzina la mayi wa Rama. Rajagopalachari anali Mtamil, ndipo anakhalapo bwanamkubwa wamkulu wa India kuyambira 1948 mpaka 1950. Mahabharata yake ya Chingerezi inatuluka mu 1951, Ramayana mu 1957. Anatenga ndakatulo ya mavesi pafupifupi 100,000 ndi ina ya mavesi pafupifupi 24,000 n'kuzifupikitsa kuti wachinyamata aziwerenge. Kwa iyenso Chingerezi sichinali cha kubere. Chinafika kwawo ndi ulamuliro wa atsamunda, makamaka Thomas Macaulay atalemba mu 1835 kuti maphunziro a ku India aziperekedwa m'Chingerezi, uku akupeputsa mabuku onse a Sanskrit ndi Chiarabu. Ndimaganiza kuti n'chifukwa chake Chingerezi chake chinkandilowa mosavuta. Chinali Chingerezi chimene chinakakamizidwa kale kunyamula mitala, malumbiro, matemberero a makolo ndi ulemu wa kwa akulu, zinthu zimene mabuku ena amene tinkawapeza, odzaza ndi chipale chofewa ndi sitima za pansi pa nthaka, sankazidziwa.

M'kalasi ya mbiri ya zilankhulo tinaphunzira za William Jones, amene mu 1786 ku Calcutta ananena kuti Sanskrit, Chigiriki ndi Chilatini ziyenera kuti zinachokera ku kholo limodzi. Mawu a Sanskrit otanthauza mayi, mbale ndi dzina ndi apachibale ndi "mother", "brother" ndi "name", monga momwe munthu wa Chichewa alili wachibale ndi umuntu wa Chizulu ndi mtu wa Chiswahili. Palinso mawu amene Chingerezi chinachita kubwereka. "Avatar", amene lero ndi kachithunzi ka munthu pa intaneti, poyamba ankanena kutsika kwa mulungu kudzakhala m'thupi, monga Vishnu anatsikira mwa Rama ndi mwa nsomba ya Manu ija. "Juggernaut" anachokera kwa Jagannath wa ku Puri, amene chaka ndi chaka amakokedwa pa galeta lalikulu. "Pundit", amene timawamva pa mpira wa pa kanema, anali munthu wophunzira malemba. Ngakhale ife tili nawo athu. Rupiya wa m'Buku Lopatulika, amene antchito a m'munda wamphesa anapangana ndi mwini munda, ndi dzina la ndalama ya ku India imene inkayenda m'dziko lino m'masiku oyamba a atsamunda, ndipo linachokera ku mawu a Sanskrit onena za siliva. Mkulu wa mpingo uja ankawerenga mawu a Sanskrit pa guwa osadziwa.

Funso limene limandisowetsa mtendere ndi lakuti n'chifukwa chiyani zinatengera katoni ya ku Limbe kuti mwana wa ku Nsanje apeze nkhani za Chingerezi zonga za kwawo. Nkhani ya M'bona ilipo m'Chingerezi. Steve Chimombo anailemba ngati sewero, The Rainmaker, limene linatuluka mu 1978, ndipo Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa chathu, analemba River of Blood mu 1992. Onse awiri ndinakumana nawo koyamba mu laibulale ya kuno, makilomita ambirimbiri kuchokera ku Khulubvi, ndili ndi zaka 20. Sindinaonepo amene anazisandutsa timabuku ta zithunzi toti mwana wa Sitandade 5 n'kubisa pansi pa mphasa. Anant Pai anaona vuto la mtundu womwewu kwawo ndipo anayamba kusindikiza. Ife amene tikuphunzira zilankhulo ndi zolembalemba timathera nthawi yambiri tikutsutsana ngati ana aziphunzira m'Chingerezi kapena m'chilankhulo cha kwawo, koma za chimene anawo aziwerenga akaweruka sitikambirana kwenikweni.

Pali mawu amodzi amene olemba aja nthawi zambiri ankangowasiya momwe alili, osawatembenuza: dharma. Pena ankayesa "duty", pena "righteousness", koma posakhalitsa ankabwerera ku mawu a kwawo. Pa mphasa paja ifenso tinalephera kugwirizana. Agogo ankati ndi mwambo, chifukwa Rama anapita kunkhalango posunga mwambo. Bambo ankati ndi udindo, chifukwa Arjuna anatolanso uta wake ngakhale mtima unkakana. Mayi ankati ndi chilungamo, koma anasiya kunena choncho titafika pamene Yudhishthira, amene ankatchedwa mwana wa dharma, anaika mkazi wake Draupadi pa juga. Atsibweni atabweranso chaka chotsatira tinawafunsa, popeza ndiwo ankakhala ndi eni mawuwo. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti mayi wa panyumba ija ankawatchula akamapakulira chakudya opemphetsa amene ankaima pa geti.